Pamene Sesheni Inkaweruza Anthu Chifukwa cha Khirisimasi



Sabata lathali, titatuluka m'mapemphero, mnyamata wina wa kwaya anandiimitsa pakhomo la tchalitchi. Anandionetsa pafoni yake uthenga umene ukuzungulira pa WhatsApp, wonena kuti Khirisimasi ndi mwambo wachikunja, ndipo kuti mkhristu weniweni sayenera kuponda m'tchalitchi pa 25 Disembala. Anandifunsa kuti, "Akulu, kodi tipitirize kuphunzira nyimbo za Khirisimasi, kapena tingosiya?" Ndinamuyankha mwachidule poti mvula inali itayamba kuwaza, koma ndinamulonjeza kuti ndilemba. Safunsa adadya phula. Iyeyu wafunsa, ndipo ayenera kulandira yankho lokwanira. Khalani pansi, nkhaniyi ndi yaitali, ndipo ititengera ku Scotland, kwawo kwa amishonale amene adabzala mpingo ku Livingstonia ndi ku Blantyre.

Ambiri a ife timaganiza kuti Khirisimasi tidailandira kwa Asikotishi monga tidalandirira katekisimu ndi buku la nyimbo. Koma mbiri ikutiuza chinthu chodabwitsa. Kwa zaka pafupifupi 400, tsiku la 25 Disembala ku Scotland lidali tsiku wamba la ntchito, ndipo panali nthawi imene akulu a mpingo, anthu a udindo ngati wangawu, ankaitanira akhristu ku sesheni kukayankha mlandu wokondwerera tsikuli.

Tiyambire kumayambiriro. Malembo satiuza tsiku kapena mwezi umene Mpulumutsi adabadwa. Mlaliki Luka, m'mutu wachiwiri, akutchula Betelehemu, kalembera wa Kaisara Augusto, modyera ziweto ndi abusa amene adali kubusa usiku, koma tsiku salitchula. Akhristu oyamba ankasonkhana tsiku loyamba la sabata, ndipo chikondwerero chawo chachikulu chidali cha kuuka kwa Ambuye. Umboni wakale kwambiri wa Khirisimasi ya pa 25 Disembala ukuchokera ku Roma m'chaka cha 336. Akatswiri a mbiri amapereka zifukwa ziwiri. Ena amati mpingo udasankha nyengo imene Aroma ankakondwerera kubwerera kwa dzuwa pakati pa dzinja lawo lozizira, kuti anthu atembenukire kwa kuunika kwenikweni. Ena amati akhristu ankakhulupirira kuti Mariya adatenga pakati pa 25 Marichi, ndipo adangowerengera miyezi isanu ndi inayi. Mulimonsemo, uthenga wa pafoni uja ukunena zoona pa mfundo imodzi: tsikuli adalisankha ndi anthu, Mulungu sadalilamule.

Kuti mumvetse chifukwa chake tsikuli lidakondedwa kwambiri kumayiko a kumpoto, muyenera kuiwala Disembala wathu wa mango, ngumbi ndi chimanga chofika m'mawondo. Ku Edinburgh, mkati mwa Disembala, dzuwa limatuluka itadutsa 8:30 m'mawa ndi kulowa isanakwane 4 koloko madzulo. Minda imakhala gwa, mitengo yayoyola masamba, chisanu chikugwa ngati ufa. Dziko lonse la Scotland lidagawidwa m'zigawo zotchedwa maparishi, chigawo chilichonse ndi tchalitchi chake, kumene munthu ankabatizidwa, kumanga ukwati ndi kuikidwa m'manda. Mu mdima umenewo, tchalitchi cha parishi choyaka makandulo pakati pa usiku chidali chitonthozo chachikulu. Nyengoyi ankaitcha Yule, ndipo madyerero ake ankapitirira mpaka pa 6 Januwale. Kudali misa, kudali nyimbo, komanso kudali mowa, magule ndi zina zosayenera kuzilemba pano.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 1560, pamene Nyumba ya Malamulo ya Scotland idakana ulamuliro wa Papa. Atumiki asanu ndi mmodzi, onse odziwika ndi dzina loti John, mmodzi mwa iwo John Knox wa tchalitchi cha St Giles ku Edinburgh, adalemba buku la malangizo a mpingo lotchedwa First Book of Discipline. M'bukumo adaika Khirisimasi pamndandanda wa masiku amene anthu adadzipangira okha, oyenera kuthetsedwa. Mfundo yawo idali imodzi, ndipo ndi mfundo imene mpingo wathu udamangidwapo: popembedza Mulungu, tisawonjezere chimene Iye sadalamule m'Mawu ake. Ankaona kuti anthu amene ankadzaza tchalitchi pa Yule ndi omwewo amene ankanyozera tsiku la Sabata, limene lili m'malamulo khumi. Ankaopa kuti tsiku la anthu limeza tsiku la Ambuye.

Kuuma mtima kwawo pa nkhaniyi kudaonekera bwino mu 1566. M'chaka chimenecho, mipingo yokonzedwa ya ku Switzerland idatulutsa chivomerezo cha chikhulupiriro chimene adalemba Heinrich Bullinger wa ku Zurich. Chivomerezocho chidati ndi chinthu chabwino mipingo, mwa ufulu wake wachikhristu, ikamakumbukira kubadwa, imfa, kuuka ndi kukwera kumwamba kwa Ambuye. Atsogoleri a mpingo ku Scotland adachiwerenga, nagwirizana nacho chonse, kupatula ndime imodzi yokhayo ya masiku a zikondwerero. Onani, abale, kuti ngakhale pakati pa makolo athu m'chikhulupiriro, anthu owerenga Baibulo limodzi, panalibe mawu amodzi pa za Khirisimasi.

Ntchito yokhazikitsa chiletsocho idagwera masesheni a m'maparishi. Apa ine monga mkulu wa mpingo ndimawerenga ndi nkhope yogwa. Mabuku a sesheni ya ku Aberdeen akusonyeza kuti mu 1574 amayi 14 adaimbidwa mlandu wovina ndi kuimba nyimbo za Yule usiku wa tsikulo. M'matauni ena akulu a mpingo ankayendera nyumba ndi misika kuti aone amene watseka ntchito yake pa 25 Disembala, ndipo ophika buledi ankachenjezedwa kuti asaphike buledi wapadera wa nyengoyi. Wopezeka wolakwa ankalipira chindapusa, kapena ankakhala pa mpando wa olapa kutsogolo kwa mpingo wonse tsiku la Sabata. Taganizani mayi wa Mvano atakhala pa mpando wotero chifukwa choti waphikira ana ake mpunga ndi nkhuku.

Kenaka nkhaniyi idalowa ndale. Mfumu James VI ya Scotland idakhalanso mfumu ya England mu 1603, ndipo idakonda mapembedzedwe a Angilikani amene idakawapeza kumeneko. Mu 1618 idaumiriza msonkhano waukulu wa mpingo, umene udachitikira mumzinda wa Perth, kuvomereza mfundo zisanu. Ina mwa izo idali yogwada polandira Mgonero, ina idali yosunga masiku asanu: Khirisimasi, Lachisanu Loyera, Pasaka, kukwera kumwamba ndi Pentekoste. Tsopano Khirisimasi idasanduka lamulo la mfumu, ndipo abusa okana kulalikira tsikulo ankakhala pa chiopsezo chochotsedwa pa udindo. Anthu ambiri a ku Edinburgh adayankha potsegula masitolo awo ndi kusiya mipando ya m'tchalitchi ili mbee. Dzulo lake munthu ankalangidwa chifukwa chosunga tsikuli, lero ankalangidwa chifukwa chosalisunga. Mu 1638 msonkhano waukulu wa ku Glasgow udafafaniza mfundo za ku Perth, ndipo mu 1640 Nyumba ya Malamulo idathetsa tchuthi cha Yule. Buku la dongosolo la mapemphero limene lidakonzedwa ku Westminster, ndipo mpingo wa Scotland udalilandira mu 1645, lidatsindikanso kuti masiku a zikondwerero opanda maziko m'Mawu a Mulungu asapitirire.

Musaiwale chaka cha 1618, chifukwa m'chaka chomwecho kudayamba msonkhano wina kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Dordrecht ku Holland. Sinodi imeneyo, imene idatha mu 1619, ndi yomwe idatisiyira ziphunzitso za ku Dort zimene abale athu a ku Nkhoma amazidziwa bwino. Adatchi amenewa sadali ofooka pa chiphunzitso. Adali ouma ngati Asikotishi omwe. Komabe m'malamulo a mpingo wawo adalembamo kuti mipingo izisunga, kuwonjezera pa Sabata, masiku a Khirisimasi, Pasaka ndi Pentekoste. Iwo adaona kuti poti anthu sagwira ntchito masiku amenewo, kuli bwino awathere m'nyumba ya Mulungu akumva Mawu kusiyana ndi kuwathera m'nyumba za mowa. Ana a Calvin awiri, a bere limodzi, adasankha njira zosiyana, ndipo palibe amene adachotsa mnzake m'banja.

Nanga chiletso cha ku Scotland chidabala chiyani? Chidachotsadi Khirisimasi m'tchalitchi, koma sichidachotse ludzu pakhosi pa anthu. Madyerero adangosamukira ku usiku wa pa 31 Disembala, umene iwo amautcha Hogmanay. Mphatso za ana, kuyenderana, kulowa m'nyumba ya mnansi pakati pa usiku utanyamula khala la malasha ndi botolo, zonsezi zidapita ku Chaka Chatsopano. Sesheni idatha kutseka chitseko cha tchalitchi, koma mtima wa munthu sutsekedwa ndi chindapusa. Ife akulu a mpingo phunziro ili tisalidumphe.

M'zaka za m'ma 1800 zinthu zidayamba kufewa. Mbusa Robert Lee wa tchalitchi cha Greyfriars ku Edinburgh adalowetsa limba m'mapemphero, chinthu chimene chidautsa mkangano waukulu. Mu 1865 abusa ena adakhazikitsa bungwe la Church Service Society lofuna kukonzanso dongosolo la mapemphero, ndipo pang'onopang'ono maparishi ena adayamba kutsegula zitseko pa 25 Disembala. Mphepo ina idachokera ku England. Mu 1880 bishopu wa ku Truro, Edward White Benson, adakonza mapemphero a usiku wa pa 24 Disembala a mawerengo asanu ndi anayi a m'Baibulo, kuyambira pa kugwa kwa Adamu kufikira pa kubadwa kwa Khristu, nyimbo zikulowa pakati pa mawerengowo. Mu 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, dongosololi lidatengedwa ndi King's College ku Cambridge, ndipo kuyambira 1928 wailesi ya BBC idayamba kuliulutsa. Mipingo yambiri, ya Chipresibiteriyani yomwe, idalitengera. Komabe boma silidalengeze Khirisimasi kukhala tchuthi ku Scotland kufikira 1958. Kufikira nthawi imeneyo, bambo wa ku Glasgow ankadzuka pa 25 Disembala kupita kokhoma sitima zapamadzi monga tsiku lina lililonse. Ndipo mpaka lero mpingo wa Free Presbyterian Church of Scotland susunga Khirisimasi, pa zifukwa zomwe zija za John Knox.

Tsopano tibwerere kwathu. Pamene Dr Robert Laws ndi anzake adafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala mu 1875, ndi pamene mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876, amishonalewo ankachokera kudziko limene Khirisimasi idali isanakhale tchuthi, ndipo mpingo wawo udali pakati pa kusintha kumene ndafotokozaku. Mbusa David Clement Scott, amene adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891 pamodzi ndi amisiri a kuno kwathu, adali wa maganizo okonda mapemphero a dongosolo ndi ulemu, moti ena ankamudandaula kuti wapendekera kwa Angilikani. Mu 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape adafika ku Mvera, atanyamula cholowa cha ku Dordrecht. Mu 1924 Livingstonia ndi Blantyre adagwirizana kupanga CCAP, ndipo Nkhoma adalowa mu 1926. Mitsinje iwiri ija imene idapatukana ku Ulaya, wa Asikotishi oopa kuwonjezera pa Mawu ndi wa Adatchi ofuna kusonkhanitsa anthu pa Mawu, idadzakumana kuno, m'mpingo umodzi, ndipo ife tonse timamwa madzi ake.

Zotsalazo adachita ndi makolo athu eni ake. Khirisimasi idawapeza ali pakati pa ntchito, khasu lili m'manja, mbewu zikufuna kupalira, nkhokwe zitayamba kupepuka. Sadafune chisanu kapena mtengo wa paini kuti aimvetse. Nkhani ya mwana wobadwira m'khola, ya mayi wosowa malo ogona paulendo, ya abusa ogona kutchire ndi ziweto, idali nkhani ya pamudzi pawo. Ife amene tidakulira ku nyumba za mapemphero za kumidzi tikukumbukira. Masabata angapo tsikulo lisanafike, aphunzitsi a Sande sukulu ankatisonkhanitsa madzulo kuphunzira sewero. Herode ankavala chisoti cha katoni, angelo nsalu zoyera zobwereka kwa amayi, anzeru a kum'mawa matawulo kumutu, ndipo mwana Yesu adali chidole chokulungidwa m'chitenje. Atsikana ankazira pansi ndi kukoleka maluwa m'mazenera. M'mawa wa tsikulo tinkayenda m'matope nsapato zili m'manja, kuti tikazivale pakhomo la tchalitchi. Mbusa mmodzi sakadafika ku nyumba zonse za mapemphero, choncho amene ankalalikira adali mkulu wa mpingo wa pamudzi pomwepo, Buku Lopatulika lili m'manja. Tikaweruka, ndiye kunkabwera tiyi wamkaka, buledi ndi mpunga, zakudya zimene m'nyumba zambiri zinkaoneka kamodzi pachaka. Ndipo mbale yoyamba inkapita kwa agogo amene sadathe kuyenda.

Dongosolo limenelo lidali ndi nzeru: Mawu poyamba, chakudya pambuyo, ndipo wosauka asaiwalidwe. Lero dongosololi latembenuzika. Pa 24 Disembala misika ndi malo omwera zimadzaza mpaka mbandakucha, ndipo m'mawa wa pa 25 mlaliki amaima pa guwa kuyang'ana mabenchi, amayi ochepa ndi ana. Abambo ali mtulo, achinyamata apita kunyanja, amayi ena atsalira kukhitchini. Ndalama ya feteleza wachiwiri yathera pa masiku awiri, ndipo Januwale akafika, mwana akukhala pakhomo chifukwa cha fizi. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Ndikamaona zimenezi, sindithanso kuseka John Knox. Chimene ankaopa chija chatifikira: tsiku lilipo, koma Mwini tsiku tamusiya panja.

Taonaninso za ku Scotland komweko. Masiku ano maparishi a kumeneko amachita mapemphero okongola a ulonda usiku wa pa 24 Disembala. Anthu amasonkhana cha m'ma 11 koloko, makandulo ali m'manja, nalandira tsikulo ndi nyimbo. Kwa ambiri, umenewo ndi usiku wokhawo pachaka umene amalowa m'tchalitchi. M'zaka za m'ma 1950, pamene Khirisimasi inkakhala tchuthi, Church of Scotland idali ndi mamembala oposa 1,300,000. Lero sakwana 300,000, maparishi akuphatikizidwa, ndipo matchalitchi ambiri akugulitsidwa. Sindikunena kuti Khirisimasi ndiyo idachititsa zimenezi. Zifukwa zake ndi zambiri. Ndikungonena kuti tchalitchi chodzaza usiku umodzi pachaka sichisunga mpingo. Chimene chimasunga mpingo ndi Sabata ndi Sabata, mlaga ndi mlaga, pemphero la pabanja madzulo alionse. Tiwapempherere abale athuwa, pakuti agogo awo adatibweretsera Uthenga, ndipo ambiri adasiya mafupa awo ku Cape Maclear, ku Bandawe ndi ku Blantyre.

Tsono yankho langa kwa mnyamata uja, ndi kwa inu nonse, ndi ili. Khirisimasi si lamulo la Mulungu. Munthu amene chikumbumtima chake sichimulola kusunga tsikuli asaitanidwe ku sesheni, asanyozedwe, asatchedwe wosakhulupirira. Ali ndi makolo olemekezeka m'mbiri ya mpingo wathu. Koma iyenso asatche anzake akunja chifukwa asonkhana kumva Luka 2 ndi kuyamika Mulungu kuti Mwana wake adavala thupi lathu. Iwonso ali ndi makolo olemekezeka m'mbiri yomweyo. Mtumwi Paulo adakumana ndi mkangano wa masiku mumpingo wa ku Roma, ndipo mu Aroma 14 sadagamule kuti mbali iyi yapambana. Adalangiza kuti aliyense akhazikike mumtima mwake, ndipo chimene akuchita achitire Ambuye, osaweruza mbale wake. Sesheni ya ku Aberdeen idalakwa pokakamiza anthu kusiya. Mfumu James idalakwa pokakamiza anthu kusunga. Ife tisabwereze cholakwa cha mbali iliyonse.

Koma ngati mwasankha kusunga tsikuli, monga mpingo wathu umachitira, lisungeni moona. Bambo, dzukani mutsogolere banja lanu ku tchalitchi, mbuzi idikira. Amayi a Mvano, ndi inu a Chigwirizano ndi a Umanyano amene mukuwerenga muli kwina, konzani zophika dzulo lake kuti mpando wanu usakhale wopanda munthu. Atumiki ndi akulu anzanga, aliyense alembe mayina a okalamba, odwala, amasiye ndi ofedwa chaka chino a mu mlaga wake, ndipo dzuwa la pa 25 lisalowe tisanagogode pa zitseko zawo tili ndi kanthu m'manja. Musanagule chovala chatsopano, patulani fizi ndi feteleza. Inu achibale amene muli ku Glasgow, ku Leeds kapena ku Dublin, musathere tsikuli muli nokha m'chipinda ndi foni. Funsani tchalitchi cha parishi chimene chili pafupi nanu, valani jekete lanu lochindikala, mukalowe. Mwina mukapezamo okalamba makumi awiri okha. Mawu anu a bezi akawalimbitsa mtima, ndipo mudzakhala mukubweza pang'ono ngongole ya 1875.

Ndipo iwe mwana wanga wa kwaya, pitiriza kuphunzira nyimbozo. Uziimbe pa 25 Disembala ndi mtima wonse, kenaka Sabata lotsatira, pamene mabaluni aphulika ndipo mpunga watha, ndidzakuyang'ane pa benchi lako lomwelo.

Ambuye akusungeni nonse m'nyengo ino, akupatseni mvula yabwino ndi maulendo a mtendere. Amene muli ndi achibale osakhala pa Facebook, awerengereni.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye.